Adada Alowa Mpikisano wa Maboti

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti inu ndi alamu muli bwino ku Joniko. Kuno ku Chilumba tonse tadzuka, koma mtima wanga sunakhazikikebe chifukwa cha adada.

Loweruka asodzi anachita mpikisano wa maboti a matanga, ndipo adada analowa nawo ndi boti lanu lija. Ine ndinaoneratu m'mawa momwe kuti tsikulo silitha bwino. Mwera unaulutsa chipewa cha woimba wenzulo asanaimbe n'komwe. Anzawo a adada awiri oti akwere nawo anadwala m'mimba mwadzidzidzi atangoona mafunde. Asibweni, omwe analimba mtima kukwera nawo, anabwera ndi zidebe ziwiri zokapira madzi, n'kundisungitsa foni ndi nsapato zawo.

"Adada, lero lokha lekani," ndinawachonderera.

"Iwe mwana, mphepo ndi injini yaulere," anatero akuseka.

Asanapite patali thanga linang'ambika, boti n'kubisika kuseri kwa mafunde. Amama anangokhala pansi pamchenga. Maboti ena onse anabwerako, lathu ayi. Dzuwa litapendeka m'pamene tinawaona akupalasa ndi thabwa lokhalira, milomo ili mbuu.

Boti silinaonongeke, musadandaule. Koma chibwerereni adada akutsokomola kwambiri, ndipo dzulo ndinawapeza kuseri kwa nyumba akusoka thanga lija, ati akufuna kukabwezera pa mpikisano wina. Chonde aimbireni foni muwaletse. Ife tikalankhula amangotiseka, koma inu eni boti mwina akumverani.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ine mlongo wanu,
Lusubilo