Kabotolo Kopanda Dzina ka ku Chipata

Kamwendo,
Mchinji.
18 Ogasiti 2024

Okondedwa Achemwali a Malita,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Mzuzu. Kuno tadzuka. Mtedza tamaliza kuswa, mphepo nayo yatisiyira chifuwa koma palibe wagonekedwa. Mudabwa kuona kalata pamene foni ndili nayo. Lachiwiri lija munandifunsa za maso a akazi anga, amake Tadala, ndinakuuzani kuti ndi fumbi. Ndinanama, achemwali. Pa foni pakamwa panga pamathamangira nthabwala, n'chifukwa chake ndati ndikhale pansi ndi cholembera.

Mukudziwa kuti alamu anuwo, a Esnart, khungu lawo silichedwa kutupa. Chaka chatha atapaka penti wa m'zikhadabo, uja amayi amati kyutekisi, zala zinawayabwa mpaka kusupuka. Namwino wina wa pa boma anawafotokozera kuti penti wina amakhala ndi mankhwala aukali, ndipo anawalembera mayina awiri pakapepala, fomalidehaidi ndi toluwini. Anati azigula yekhayo amene botolo lake lalemba poyera kuti mulibe zimenezi. Amake Tadala anapeza botolo limodzi ku Lilongwe, n'kumalisunga ngati mafuta a m'maso, mpaka linatha mu Juni.

Ndiye panabwera ukwati wa mng'ono wawo Sheila ku Guilleme, ndipo iwo ndiwo anasankhidwa kudzanyamula keke. Ine ndikupita ku Chipata kukagula zitenje za yunifolomu, anandipatsa kapepala kaja n'kundipempha kawiri konse kuti ndikawerenge botolo ndisanagule.

Ndinalowa m'sitolo imodzi yokha. Mtsikana wogulitsa anawerenga kapepalako nati ndikayese ku famase ya tsidya lina la tauni. Potuluka ndinakumana ndi mnzanga wakale wa ku Mavwere, tinakhala pansi kudya, macheza n'kukoma, dzuwa n'kupendeka. Pamene ndimafika pokwerera magalimoto a ku boda, panali bambo wina ali ndi thireyi ya timabotolo. Timabotoloto tinalibe dzina, tinalibe chilembo ngakhale chimodzi. Ndinatsegula kofiira, fungo lake linandilasa m'mphuno ngati mankhwala aja amasungunulira penti wa zitseko. Ndinalimva fungolo, sindingakane. Koma mumtima ndinati kufiira n'kumodzi, zinazi ndi zovuta za amayi chabe.

Kunyumba amake Tadala anakatembenuza kabotoloko, anakanunkhiza, n'kufunsa kuti bwanji kalibe zolemba. Ndinawauza kuti ndi penti yemweyo wa ku famase, pepala lake linamatuka m'chikwama. Anandiyang'ana pang'ono kenako anati ngati ndanena ndine, palibe vuto.

Oyandikana nafe ndi a Stelia, mayi wamasiye amene amaluka tsitsi ndi kupaka zikhadabo pakhonde pawo, makamaka tsiku la msika. Ana awo atatu amadya za pakhonde pomwepo. Lachisanu ndiwo anawapaka amake Tadala. Ndinamva ndi makutu anga a Stelia akudandaula za fungolo, ndipo ndinamvanso akazi anga akuwatsimikizira kuti abambo akunyumba anagula ku famase. Ine ndinali kuseri, ndikupopa njinga.

Loweruka m'mawa zikope zinayamba kuyabwa, paja munthu sachedwa kudzigwira kumaso. Pamene timalowa m'tchalitchi n'kuti maso atatupa, ndipo pofika masana ankangoona ndi kampata kakang'ono. M'mbali mwa zikhadabo munatuluka timatuza. Keke ananyamula wina. Iwo anakhala m'kalasi ina ya pasukulu yoyandikana ndi tchalitchi, nsalu yonyowa ili kumaso, akumvera nyimbo za ukwati wa mng'ono wawo yekhayo kudzera pazenera. Zithunzi zabwera sabata yatha. Palibe n'chimodzi chomwe chimene iwo alipo.

Apa ndi pamene pali manyazi anga enieni. Azakhali awo, a Esitele, anakumbukira kuti mu Meyi amake Tadala anasemphana mawu ndi a Stelia chifukwa cha mbuzi imene inadya nyemba zathu. Pomwepo ananena pamaso pa anthu kuti mayi ameneyo wathira kanthu m'penti. Ine ndinali chilili pomwepo, ndikumva zonse. Ena ankanong'ona kuti mwina ndawamenya akazi anga. Zimenezo ndiye ndinakana mokweza mpaka kulumbira. Koma za a Stelia ndinazisiya ziyende, chifukwa zinkandiphimba.

Nkhani inafika ku Kamwendo ife tisanafike. Tsiku la msika lotsatira, pakhonde pa a Stelia sipanakhale munthu. Ndinawaona dzuwa lili paliwombo akulowetsa mpando ndi kabeseni kawo m'nyumba. Madzulo ake anabwera kwathu ndi nthochi kudzazonda wodwala, azakhali n'kuwabweza pakhomo. Anazisiya pansi nthochizo n'kubwerera kwawo. Sabata yachiwiri zinali chimodzimodzi, ndipo mwana wawo wamkazi anabwerako kusukulu akulira kuti anzake akumutchula mwana wa mfiti.

Zala zitachedwa kupola tinapita kuchipatala, ndipo adokotala anapempha kuti aone kabotolo kaja. Anandifunsa kumene ndinagula. Ndinabwereza bodza langa. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena mofatsa kuti iwo sanaonepo famase yogulitsa chinthu chopanda dzina, ndiponso kuti kabotolo kameneko sikanamatidwepo pepala chipangidwire. Anati izi si za munthu ayi, ndi mankhwala a m'pentimo.

Pobwerera ndinawakweza amake Tadala kumbuyo kwanga. Nthawi zonse pa njinga amandigwira m'chiuno, koma tsikulo anagwira kariyala. Titafika anakhala pakhonde n'kundifunsa kuti kapepala kaja kali kuti. Kanali m'thumba la jekete, kopindapinda mmene anandipatsira. Ndinawauza zonse, za mnzanga uja, za thireyi, za fungo.

"Bambo a Tadala, mukanabwera chimanjamanja, ndikanapita ku ukwati ndi zala zanga zoyera, osadandaula," anatero. "Maso angawa apola. Nanga a Stelia apola ndi mankhwala anji?"

Sanakalipe, achemwali, ndipo mwina zikanandipepukira akanakalipa. Anangoti popeza a Stelia ananenedwa pagulu, kupepesa kwa kuseri kwa nyumba sikukwanira. Choncho tsiku la msika lapitali ndinaima pakhonde pa a Stelia, amayi a tomato ndi anyamata a kabaza akumva, azakhali alinso pomwepo, n'kunena kuti penti ndinagula ndine pamsewu, ndipo ndinanamiza akazi anga. Ena anaseka. Mayi wina anati amuna ndi choncho. Azakhali anangokonza mpango wawo n'kuchokapo.

A Stelia anandimvetsera mpaka kumapeto, manja ali pamiyendo. Kenako anati, "Ndamva, achimwene. Kugula penti wolakwika aliyense angathe. Koma tsiku lija ndinabwera ndi nthochi, inu munali pazenera. Ndinakuonani."

Ndinatsika pakhondepo n'kubwerera kunyumba. Makasitomala ena ayamba kubwerera, koma si onse. Paja mawu oipa amathamanga, owatsutsa amabwera akutsimphina.

Tsopano pempho langa ndi ili. Inu mumawerenga Chingerezi bwino ndipo simuchita manyazi kufunsa m'sitolo. Ndaika kapepala kaja m'kalata muno. Chonde mukayang'ane ku famase kumeneko penti amene botolo lake lalemba zonse zili m'kati, dzina la opanga ndi tsiku lothera ntchito, ndipo mulibe mankhwala awiriwo. Ngati alipo penti amene achotsamo mankhwala enanso aukali, ndiye bwino koposa. Akhale mabotolo atatu: lofiira la amake Tadala, ena awiri a a Stelia, mtundu musankhe inu. Adokotala anati padutse miyezi itatu asanapakenso, ndipo akadzayamba ayese chikhadabo chimodzi kaye, panja pa mphepo, chifukwa ngakhale penti wabwino ena amawakana. Amake Tadala akuti tsiku limenelo likadzafika, owapaka adzakhala a Stelia, pakhonde pomwe paja, tsiku la msika, aliyense akuona. Maganizo amenewa ndi awo, si anga.

Amayi kumudzi musawauze. Sikuti ndikufuna kubisanso, koma ndipita ndekha Loweruka, amve kuchokera pakamwa panga.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. Tadala akuti inu azakhali ake mubwere pa Khirisimasi. Alamu anu akupereka moni wambiri. Ndinawafunsa ngati akufuna kuwerenga kalatayi ndisanamate, anati ayi, ngati ndalemba zoona palibe chifukwa choti aone. Ndaiwerenga ndekha kawiri kuti nditsimikize. Mukamayankha musandinyengerere, achemwali. Mundilankhule mmene munkachitira ndili wamng'ono.

Ndine mlongo wanu,
Alufeyo