Mfuti Zisalire pa Ukwati wa Zmarak

Peshawar,
sabata yachiwiri chithere Idi

Okondedwa achimwene Gul Nabi,

Mtendere wa Mulungu ukhale panyumba panu. Muli bwanji kumudziko? Bondo lija likukulolani kugwada popemphera, kapena mukupempherabe chokhala pampando ngati bwana? Nanga alamu ali bwanji ndi shuga wawo? Ife kuno tilipo. Timadzuka, timadya, timagona.

Mabulosi ouma amene munapatsira Khyal Jan wa lole tinalandira. Thumba linafika lopepuka. Iye akuti anatapa ndi asilikali a pamalire, koma ndevu zake zinali zomata.

Kuno kukutentha moti buledi akhoza kupsa pakhoma. Mdzukulu wanga Palwasha wayamba sukulu. Amamukhazika kutsogolo chifukwa khutu lakumanzere lija silinatsegukenso. Mpongozi wanga Wranga akusokabe zovala za akwatibwi a eni ake. Amasoka bwino, salankhula. Njinga yamoto ikaphulitsa utsi pamsewu amalowa pansi pa tebulo la makina, kenako amatuluka n'kupitiriza pomwe anasiyira. Ine ndinasiya kumuyang'ana.

Khyal Jan wandiuza kuti mwana wanu Zmarak akukwatira makangaza akatha kuthyoledwa, ndipo mukufuna ndibwere. Ndathokoza. Wandiuzanso kuti munadzitama pakhomo pa mzikiti kuti pokatenga mkwatibwi padzalira mfuti makumi anayi mpaka mapiri adzayankha. Ankanena akumwetulira. Ndinamufunsa ngati tiyi wamukwana, n'kumutsegulira chitseko.

Pempho langa ndi limodzi, achimwene. Pa ukwati umenewo pasalire mfuti. Ngakhale imodzi.

Ndikudziwa zimene munene, pajatu ndinakupukutani mamina ndine. Munena kuti ukwati wopanda mfuti ndi wa mkazi wamasiye. Munena kuti akuchikazi adzatiseka kuti tasauka, kuti agogo athu ankawombera Aamereka asanadziwe n'komwe kumene dziko lathu lili. Munenanso kuti cholakwa si mfuti, ndi ndege. Zonsezo n'zoona. Anthu amenewa anawoloka nyanja kudzatikonzera dziko, atha zaka zonsezi ali pamwamba pa mitu yathu, koma mpaka lero sasiyanitsa ukwati ndi nkhondo. Kungoti iwowo adiresi yawo sindiidziwa. Yanu ndimaidziwa.

Inu tsiku lija munali ku Kandahar kogulitsa nkhosa, munangopeza manda. Ine ndinalipo. Zaka zisanu ndi ziwiri zapita ndipo sindinakuuzeni bwinobwino.

Dzuwa linali paliwombo. Tinkachokera kwa makolo a Wranga, magalimoto asanu, mwana wanga Baryalai ali kutsogolo ndi anzake. Tinaima pamlatho kuti anyamata avine. Malemu amuna anga anali atanyamula mfuti koma sankawombera. Anati kumwamba kukumveka kulira kwa chinachake, tidikire tifike kunyumba. Ine ndinasuzumira pazenera la galimoto ya azimayi n'kuwakalipira anthu onse akumva. Ndinati mwana wanu woyamba akukwatira inu mukuumira zipolopolo, kodi mudzazidya? Azimayi anaseka, ng'oma inalira. Amuna anga anandiyang'ana kamodzi, n'kukweza mfuti m'mwamba. Anyamata onse anatsatira.

Zotsatira zake mukuzidziwa. Ndege inatiponyera mabomba, anafa anthu khumi ndi anayi. Baryalai ndinamuzindikira ndi chipewa chimene ndinamupetera. Wranga anakhala wamasiye utoto wa ukwati usanafufutike m'manja, nyumba ya mwamuna wake asanaione mkati. Palwasha, mwana wa mlongo wake wa Baryalai, anali pamiyendo panga.

Kale ndinkadabwa kuti bwanji sindilira. Pano sindidabwanso.

Patapita masiku anabwera asilikali a Aamereka ndi womasulira wawo. Akuti pepani, tinayesa mukuwombera ife. Ine ndili kuseri kwa chitseko ndinamuuza womasulirayo kuti awafunse ngati kwawoko amakwatirana monong'ona. Sanamasulire. Ndinamuuzanso kuti awafunse ngati mfuti ya amuna anga akuizindikira. Mukukumbuka kumene inachokera? Konkuno ku Peshawar, titathawa koyamba nthawi ya nkhondo ya Arasha. Masiku amenewo Aamereka ankatitcha ngwazi, mfuti zinkabwera m'mabokosi ngati sopo. Izonso sanamasulire. Anangoti amayi akuti zikomo pobwera.

Khyal Jan akuti masiku ano kuli tindege topanda munthu mkati, timangolira ngati njuchi tsiku lonse. Akuti wotiyendetsa amakhala kwawo, madzulo n'kukadya ndi ana ake. Ndiye inu mukufuna munthu ameneyo, amene sanadyepo mpunga wa paukwati wathu, adziwe kuti mfuti makumi anayi zikutanthauza chimwemwe? Ukaipa dziwa nyimbo, achimwene. Kumwamba si kwathunso.

Mukafuna phokoso, itanani oyimba ng'oma awiri m'malo mwa mmodzi. Iphani nkhosa zina. Mfuti zonse, za kwanu ndi za akuchikazi, zitsekeredwe m'chipinda kuyambira dzulo lake, kiyi ndidzamanga ine pakona ya mpango wanga. Woseka mudzamutumize kwa ine. Mudzanene kuti ndi nkhalamba ya ku Peshawar ija, mutu wake sukoka. Sindidzakana.

Mukavomera, tumizani mawu ndi Khyal Jan. Ndidzabwera ndi Palwasha. Wranga wati iye sapita, koma diresi la mkwatibwi asoka yekha, mungotumiza miyeso. Mukakana, musavutike kundiuza mmene ukwati wayendera. Ndidzamvera pa wailesi.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze achepetse shuga mu tiyi. Moni kwa Zmarak, kwa ana anu aakazi ndi adzukulu onse, ndi kwa azakhali ngati akuzindikirabe anthu. Kuno Wranga ndi Palwasha akupereka moni.

Lachisanu mukamadutsa kumanda, muime pang'ono pa amuna anga. Muwauze kuti ndanena ine kuti sanali oumira.

Ndine mlongo wanu wamkulu,
Torpekai