Utsi ndi Chifuwa cha Mtendere

Area 15, Lilongwe
Seputembala

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti mukudzuka bwino pamodzi ndi onse kumudziko. Nanga mwendo uja ukukuvutanibe? Ine ndi bambo ake a Mtendere tili bwino, koma mdzukulu wanuyo ayi. Mtima wanga suli m'malo, ndiye mundikhululukire ndikalankhula mosazungulira.

Kuno utsi wanyanya chaka chino. Anthu osaka mbewa atentha tchire la m'mbali mwa Lingadzi ndi mapuloti osamangidwa a ku Area 14. Moto umazima, koma utsi suchoka. Dzuwa limatuluka lofiira, mutha kuliyang'ana osaphethira, ndipo zovala ndikayanika zimanunkha ngati ndazisunga m'khitchini ya nkhuni. Mtendere, ndi mphumu yake ija, wakhala akutsokomola chiyambire Ogasiti.

Masamba amene munatumiza kudzera kwa azakhali a Eveless anafika. Ndikudziwa kuti munakathyola nokha kuphiri ndi mwendo wodwalawo, ndipo ndikuthokoza. Koma Lachiwiri sabata yatha, ine nditatumidwa kumsika waukulu, azakhali anachita monga munawalangizira. Anaika masambawo pa makala m'phale, n'kumufunditsa mwana bulangete kuti amufukize.

Amayi, mwana anabanika. Ndinamupeza milomo itada, nthiti zikulowa m'kati, osatha ngakhale kulira. Azakhali ankanena kuti ndi matenda akutuluka, tidikire pang'ono. Sindinadikire. Ndinathamangira kunyumba yaikulu ndikukuwa, ndipo abwana anga a Hitesh anatinyamula pa galimoto yawo osafunsa zambiri. Kuchipatala anamuika pa mpweya, ndipo tatuluka dzulo. Adokotala anandiuza m'maso muli gwa kuti akadzabanikanso chotero, mwina sitidzafika naye wamoyo.

Mwana wa abwanawo, a Krupa, ntchito yawo ndi yoyeza mpweya. Padenga la nyumba anaikapo kamakina kokoka mpweya kudutsa pa kapepala koyera. Kale ndinkawaseka chamumtima kuti sukulu yonseyo kuthera pa kusefa mphepo. Dzulo anandionetsa timapepalato: kosagwiritsa ntchito kali mbee, komwe kaswera padenga kafiira ngati tiyi wopanda mkaka. Anati mu utsi muli tizidutswa tating'ono kuposa fumbi la ufa, timene mphuno singasefe, timakafika pansi penipeni pa mapapo. Anatinso tikakhalitsa m'mwamba dzuwa limatisintha, timasakanikirana ndi utsi wa magalimoto, kotero utsi wa dzana sikuti watha ukali chifukwa moto wake unazima.

Chimene chinandiopsa kwambiri ndi ichi. Anati moto woyaka malawi sutulutsa tizidutswa tambiri ngati moto wongofuka wa masamba aawisi. Nthawi yomweyo ndinaona phale lija ndi bulangete lija. Ndinayesa kukutetezani, ndinati tonsefe tinakula ndi kufukizidwa ndipo tilipobe. Iwo sanatsutse. Anangoti mapapo a Mtendere si anga, ndiponso anali atalema kale ndi utsi wa panja.

M'nyumba muno mulibe mtendere, dzina lokha ndiye latsala. Bambo ake akwiya koopsa. Akuti azakhali asadzapondenso pakhomo pano, ndipo inunso ulendo wanu uja muusiye. Azakhali nawo akulira kwawo ku Kawale, akuti ife tawasandutsa mfiti. Ine ndakana za inu. Ndawauza bambo akewo kuti amene anandilera ine sangamufunire zoipa mwana wanga, ndipo palibe wina amene ndingamusiyire Mtendere ndikamapita kuntchito. Avomera monyinyirika, koma akuti akangomva fungo la masamba m'nyumba muno, mwana amutengera kwa alongo awo ku Salima. Ndimawadziwa, sakunena zocheza.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Bwerani ndithu Loweruka, tikukufunani. Koma masamba, mizu ndi makungwa onse ofukizira musiye komweko. Kuno kuli kampope ka mankhwala a mphumu kamene adokotala atipatsa, ndidzakuphunzitsani kapoperedwe kake, sikovuta. Ndikudziwa kuti mawu a akuluakulu amakoma akagonera, ndipo sindinayambe ndakutsutsanipo pa za mankhwala. Koma mwana uyu ndinamuona akusowa mpweya m'manja mwangamu, ndipo mantha ake sanandichokebe. Akatsokomola kamodzi kokha, chilichonse chimene ndagwira ndimachiponya pansi.

Iye mwini akukufunsani tsiku lililonse. Akuti agogo abwere ndi masawu ndi chiponde, ndiye zimenezo nyamulani zambiri.

Mupereke moni kwa amalume a Benedicto, achimwene a Jordan ndi alamu anga, ndi ana onse. Muwauze achimwene kuti chaka chino mapesi angowakwirira m'mizere, asatenthe, ana awo nawonso ali ndi mapapo.

Ndidzakuchingamirani ndekha kudepoti. Musadzakhumudwe, Amayi, ndipo musadzandione ngati mwana wamwano: tisanakwere minibasi yobwera kuno, mtolo wanu ndidzaumasula pomwepo, ndione zimene zili m'katimo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Alinesi