Chipale cha Patsogolo pa Kamera

Lolemba, 14 Ogasiti

"Akuluakulu a Phiri la Kerrigan akutsimikizira alendo onse kuti ngakhale kuli El Niño, chipale chilipo chokwanira ndipo phiri lonse layera." Asaina ndi a Prosser, bwana wathu pamalo ano pomwe alendo amabwera kudzatsetsereka pa chipale. Ndataipa ndine. Mawu akuti "lonse" ndawonjezera ndekha, chiganizo chimamveka choperewera.

Chipale chinagwa komaliza mu Julaye. A zanyengo akuti madzi a nyanja ya Pacific atentha cha ku South America uko, mitambo yathu yatsatira komweko. Usiku kukuzizira mokwanira kuti makina athu apange chipale, koma damu lomwe amakokamo madzi latsala matope. Masana dzuwa ngati la Okutobala.

Ndiye m'mawa uliwonse ine ndi Stavros, makaniko wa mipando yokwezera anthu kumtunda, timapita ndi wilibala kuseri kwa shedi, komwe dzuwa silifika, kukatapa chotsalira. Timakachimwaza pomwe kamera ya pa intaneti imaloza, basi. Stavros amasalaza ndi thabwa, kenaka amatsetserekapo kawiri kuti pakhale mizere. Kunja kwa chithunzicho ndi udzu ndi ndowe za mawombati, nyama zakutchire za kuno.

Lachiwiri, 15 Ogasiti

Waimba foni Kerryn, mng'ono wanga. Kalasi yomwe amaphunzitsa ku Cobar ikubwera Lolemba likudzali. Ndinkadziwa, ndimangokankhira kumbuyo kwa mutu. Ana a zaka khumi ndi chimodzi, palibe ndi mmodzi yemwe anaonapo chipale. Chaka chonse akhala akuwotcha masoseji pakhomo pa sitolo kuti ulendowu utheke. Kwawo mvula inaleka kalekale, makolo akugulitsa nkhosa zisanafe. El Niño yemweyu, iwo wawagwira pakhosi, ife pamwendo.

Akuti Lachisanu ndi tsiku lomaliza lomwe angauze a basi kuti asinthe, apite kunyanja m'malo mwake. Koma iye alibe nkhawa, chifukwa m'mawa uliwonse amaonetsa ana kamera yathu m'kalasi, ndipo amaomba m'manja.

"Dzulo anakuonatu ukudutsa ndi fosholo," anatero akuseka. "Akuti mayi aja ali ndi mwayi, chipale chawachulukira mpaka akuchita kuchotsa."

Ndinayankha kuti kuno kukuzizira kwambiri, ana abwere ndi masokosi awiriawiri. Silinali bodza. Tiyi ndinamusiya.

Lachitatu, 16 Ogasiti

Ndalowa kwa a Prosser kukawauza za ulendo wa kalasi ya Kerryn. Anandimvetsera bwinobwino, munthuyu si woipa, n'chimene chimavuta. Akuti amene atisunga chaka chino ndi masukulu, ndipo aphunzitsi amadziwana ngati nyerere, sukulu imodzi ikabwerera zonse zibwerera. Tikatseka sabata ino, akukhitchini, oyeretsa zipinda, Stavros, tonse tikutsika phiri. Anandionetsanso mapu a nyengo, kamtambo kena kakubwera Lamlungu.

"Noelene, ndani wakuuza kuti uname? Ungomuuza kuti kamera ilipo, adzionere yekha."

Ndinafotokozera Stavros tikukankha wilibala. Anati agogo ake anachoka ku Greece kuthawa ulimi, lero mdzukulu akulima chipale. Kenaka anasiya kuseka, nati mkazi wake wasiya ntchito, mwana akubwera mu Seputembala. Sanandipemphe kanthu. Bola akanandipempha, ndikanapeza womukwiyira.

Lachinayi, 17 Ogasiti

Mulu wa kuseri kwa shedi watsala wofika m'mawondo. Ndasintha njira ya wilibala kuti ana asandione.

Lachisanu, 18 Ogasiti

Kerryn waimba pa nthawi ya chakudya chamasana. Mawu ake anali ena, osaseka. Akuti kholo lina, dalaivala wa lole, linadutsa ku Cooma, kufupi ndi kuno, n'kuona mapiri ali bii. Ndinayamba kumulongosolera za kamtambo ka Lamlungu, za makina, za kuzizira kwa usiku.

"Sindinafunse a zanyengo, asisi. Ndafunsa inu. Ndisinthe kapena ayi?"

Kerryn amanditchula asisi akafuna kuti ndikumbuke kuti ndine wamkulu. Pawindo ndimaona Stavros atagona chagada pansi pa gudumu la mipando ija, akupaka girisi makina oti sakwezanso munthu.

Ndinati bwerani.

Anati zikomo, amadziwa kuti ine sindingamusiye achite manyazi pamaso pa makolo. Masana onse ndinakhala ndikupukuta magalasi otsetserekera omwe anali oyera kale.

Loweruka, 19 Ogasiti

Ndayang'ana mapu a nyengo mpaka maso kuwawa. Kamtambo kalipo. Ine amene ndinaleka tchalitchi ndili mtsikana, lero ndapempherera mtambo.

Lamlungu, 20 Ogasiti

Kabwera. Mvula. Yofunda, yochokera kumpoto, tsiku lonse. Bwalo lathu la patsogolo pa kamera lasungunuka tikuona, mulu wa kuseri kwa shedi wasanduka mtsinje wakuda. A Prosser auza mnzathu wa makompyuta kuti aike chithunzi cha Lachisanu, alembe kuti kamera ikukonzedwa.

Ndinamuimbira foni Kerryn. Anali atanyamuka kale m'mamawa, akagona ku Yass. M'basimo ana amaimba nyimbo, ena akukangana kuti chipale chimanunkhira bwanji. Kerryn amachita kukuwa kuti ndimumve. Ndinatsegula pakamwa, n'kunena kuti muyende bwino.

Lolemba, 21 Ogasiti

Afika. Anatsika atavala kale magolovesi obwereka ndi zipewa zaubweya, ena magalasi ali kumaso. Anaima n'kumayang'ana phiri. Kenaka anyamata awiri anavula zipewa n'kukweza nkhope kumwamba, kuyasamira mvula. Zimenezo ndiye zinandipweteka kuposa akanalira.

Kamtsikana kena kanandizindikira. "Ndinu mayi a fosholo aja! Nanga chonse chija munakachitaya kuti?"

Kerryn anatsika pomaliza. Anayang'ana udzu, mipando ikulendewera yopanda anthu, kenaka ndodo ya kamera ndi mikwasa ya wilibala yochokera kushedi. Mutu wake umagwira msanga kuyambira kale. Anandidutsa, n'kukafunsa Stavros komwe kuli zimbudzi, waulemu ngati akulankhula ndi munthu wa pa siteshoni. Chipinda chomwe ndinamukonzera kwanga wakana, akuti agona ndi ana.

Panopa ndili mu ofesi. Ana afola pakhomo la khitchini, akulowa mmodzimmodzi, aliyense avule golovesi, akhudze, atuluke. Stavros anatapako pang'ono dzulo mvula isanasungunule chonse. Chipale cha Phiri la Kerrigan chili m'chidebe cha ayisikirimu, m'firiji, pambali pa nsawawa zowumitsa ndi masoseji.