Maondo a a Lorenz

Loweruka, mu Januwale, ku Oakville. Kuzizira kolowa m'mafupa.

Lero ndachita manyazi. Ndapeza a Lorenz, madala amene ndimawasamalira, ali kale pa TV kuonera slalom, mpikisano wotsetsereka pa chipale chofewa mokhotakhota pakati pa timitengo. Dzina langa amaliiwala, koma anyamata opikisanawo amawadziwa onse.

Mnyamata wawo wapamtima mwa opikisanawo, yemwe wangokhalira kugwa chiyambire mpikisanowu, watsika ngati mphepo. Ine nthungululu! Osadziwa kuti kamtengo kamodzi kamudutsa pakati pa miyendo, ndiye kuti waphwanya lamulo, basi, watuluka.

"Ukusangalala chiyani?" andifunsa. "Inenso kamtengo kanandidutsapo choncho ndikupikisana, ndili mnyamata."

Ndagwada pansi n'kupepesa ngati ndili pamaliro. Aseka mpaka kutsokomola.

Koma maondo awo ndiwo akundisowetsa mtendere. Munthu wosatha kuimirira yekha, koma pansi pa bulangete maondo amapita uku ndi uku, kukhota limodzi ndi mnyamatayo.

Mwana wawo akuti mipikisano ya nyengo ino ikatha mu Malichi, awapititsa kunyumba yosungirako okalamba. Kumeneko TV ndi imodzi, ya onse. Kaya ndani adzawaikire slalom...