Wozula Mivi

Hagi,
8 Novembala 1998

Okondedwa achimwene a Noboru,

Zimene akufalitsa azakhali zoti ndinalasa bambo ndi bodza la nkhalamba yosowa chochita. Muvi wanga sunawakhudze. Unalasa chandamale pafupi ndi khutu lawo, mtima wawo n'kuima wokha. Adokotala analemba, kawerengeni, si inu munamaliza yunivesite? Ine bambo anandidulitsa sukulu chaka chachitatu kuti ndizikolopa bwalo lawo loponyera mivi, inu mukumanga tayi ku Osaka.

Mwina mwambo wa pabwalo munauiwala. Wofuna kukazula mivi amaima kuseri kwa khoma la kuchandamale n'kuwomba m'manja kawiri. Onse amatsitsa mauta, ndipo wozulayo salowa mpaka mphunzitsi atayankha kuti, "Lowani!" Tsiku lija uta ndinali nditakoka kale. Bambo anawomba n'kulowa osadikira, poti bwalo n'lawo. Apolisi ndinawauza kuti sindinamve. Achimwene, ndinamva. Ndinkangofuna kuti nawonso andidikire, kamodzi kokha.

Chitheretu masiku makumi anayi ndi asanu ndi anayi a maliro, Loweruka lililonse masana kumamveka kuwomba kuseri kwa khoma lija. Ana amatsitsa mauta monga tinawaphunzitsira. Ine ndinkangoti chete. Mayi Okabe, ogulitsa tofu wa soya aja, amene ayamba za uta atamera kale imvi, anandifunsa pamaso pa ana, "Aphunzitsi, makutu anu ali patchuthi? Munthu akudikira uko."

"Kulibe munthu, mayi. Gwirani uta bwino, si tsache limenelo."

"Kaya. Koma kawombedwe kameneko ndikukadziwa, ndipo nanunso mukukadziwa."

Ophunzira analipo makumi awiri, atsala asanu. Koma onani, bambo aphunzira kudikira.

Dzulo mmero unandipereka, ndinangomva ndafuula, "Lowani!" Sanatulukire munthu. Tinangomva kukwekweta kwa mapazi pamchenga, pang'onopang'ono, phazi lamanzere likutsalira monga ankayendera bambo. Ndinapita ndekha kukaona. Ndinapeza mivi itazulidwa, itapukutidwa dothi, itayalidwa pansalu mmene ankachitira eni ake.

Tsono zogulitsa bwalo zimene munalemba zija muziiwale. Ndimutsekere panja munthu amene wagogoda mwaulemu koyamba m'moyo wake? Chomwe ndikupempha, ine amene sindinakupempheni kanthu chibadwire, n'chakuti mubwere Loweruka mudzaime pambali panga. Simudzalankhula kanthu, kungoima basi.

Mundiperekere moni kwa alamu. Mwana wanu Sayuri mumuuze kuti uta wake waung'ono uja ndaupaka mafuta, ukumudikira, koma musabwere naye. Ulendo uno ayi. Muzivala zofunda, chifuwa chanu chija ndi cha bambo.

Ndine mlongo wanu,
Chizuru

Ndimaiwala. Dzulo tinaponya mivi khumi. Pansalu panali khumi ndi umodzi. Wowonjezerawo uli ndi dzina langa, ndi uja ndinauika m'bokosi la bambo tisanatenthe mtembo wawo monga mwa mwambo.