Achimwene Athira Mchere Kawiri

Kawangware, Nairobi
16 Julaye 2024

Okondedwa achemwali a Pauline,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Zomba. Mwendo uja unasiya kutupa? Ine kuno ndili bwino, kungoti kukuzizira ngati ku Dedza, ndipo dzuwa sitinalione chiyambireni sabata ino.

Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa pa foni mumandidula ndisanafike pamene pali nkhani. Kalatayi ndapatsira a Atusaye a kutchalitchi kwathu kuno, amene akukwera ndege mawa. Muiwerenge muli nokha.

Nkhani ndi ya achimwene a Dunstan.

Mukudziwa kuti chimwalirireni alamu a Lorna, achimwene amakhala okha m'nyumba ija ya ku Kilimani ndi nsomba zawo. Munaziona pa chithunzi zili m'thanki yagalasi yotalika ngati bedi, ndipo munafunsa ngati zimadyedwa. Sizidyedwa. Ndi nsomba za m'nyanja ya mchere, ndipo m'madzi a pampopi zimafa. Madzi ake amachita kupanga. Loweruka lililonse amachotsamo ndowa ziwiri n'kuthiramo atsopano.

Ntchito yanga inali yonyamula basi. Lachisanu ndikaimika galimoto ya kuofesi, ndinkadzera kogula madzi osefa, zigubu ziwiri za malita 20, n'kukwera nazo masitepe mpaka m'mwamba. Zina zonse ankachita okha, ine nditaima pambali ngati wotumikira pa Misa.

Madzi ndiwo amayamba kulowa mu mgolo, mchere pambuyo, pang'onopang'ono. Si mchere wa kukhitchini. Ndi wapadera, wa m'chidebe chotseka, ndipo amauyeza pa sikelo, magalamu 35 pa lita iliyonse. Kenako amaikamo kapampu kovundula ndi kachitsulo kotenthetsa, n'kusiya mpaka mawa. Kukacha amadontheza dontho limodzi pa kachipangizo konga tochi, n'kusuzumira kuti aone ngati mzere waima pa 35. Ukapitirira kapena kuperewera, madziwo salowa m'thanki. Ankakonda kundiseka kuti nsomba si mlendo woti angadye ndiwo zowawa mchere n'kunena kuti zikomo, takhuta.

Lachisanu lina m'Febuluwale ndinawaona akuyeza mchere, kuthira, kutseka chidebe. Foni inaitana, anakayankha. Atabwerako anatsegulanso chidebe, kuyeza, kuthiranso. Ndinaona ndi maso angawa, koma ndinatseka pakamwa. Munthu amene anandiphunzitsa mpaka folomu 4, amene amakwera ndege kukalangiza anthu za madzi akumwa, ndikanayamba bwanji kuwauza kuti athira kawiri?

M'mawa mwake mzere unakwera mpaka kumapeto. Iwo anati kachipangizoko kawonongeka, zinthu za masiku ano n'zachabechabe. Ine ndinavomera kuti eya, n'zachabechabedi. Atalowa kubafa ndinataya theka la madziwo, ndinathamanga kukagula chigubu china, n'kuthiramo. Atayezanso anapeza 35, ndipo anati kachipangizo kadzikonza kokha.

Cholakwa changa chinayambira pamenepo, achemwali. Miyezi inayi yathunthu ndakhala ndikukonza kumbuyo kwawo. Sabata ina mchere kawiri, sabata ina osathira n'komwe. Tsiku lina anayatsa chotenthetsa mu mgolo wopanda madzi mpaka pulasitiki inayamba kununkha. Inu mukaimba ndinkati ali bwino. Nsomba zinali zamoyo, malaya anali osita, ndiye ndinkaona ngati sindikunama kwenikweni.

Ndinkadziuza kuti ndi ulemu. Mwina unalipo pang'ono. Koma ntchito yoyendetsa galimotoyi anandipezera ndi iwo, ndipo akachoka mu Nairobi muno sindikudziwa ngati ine nditsala. Zimenezo ndinkaziganiza ndikukwera masitepe ndi zigubu, ndipo sindikubisirani.

Mwezi watha ofesi inandituma ku Marsabit masabata awiri. Ndinawapempha kuti asasinthe madzi mpaka nditabwera. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo n'kufunsa kuti iwe Tumbikani, unayamba liti kundipangira ndondomeko m'nyumba mwanga? Ndinapepesa n'kunyamuka.

Pobwera, fungo linandichingamira pa masitepe. Madzi a m'thanki anali atayera ngati mkaka wosungunula, ndipo pansi panali mulu wa mchere. Anauthira wouma, m'thanki mwenimwenimo, nsomba zili momwemo. Tsiku loyamba kundiphunzitsa anandiuza okha kuti wochita zimenezo ndi chitsiru chokha. Nsomba zonse zisanu ndi zinayi zinali zitayandama chagada. Iwo anali pampando patsogolo pa galasi, atavala tayi, akuwaza chakudya pamwamba.

M'nyumbamo munalinso Mama Nekesa, mayi amene wakhala akuwachapira ndi kuwakolopera zaka zisanu ndi chimodzi. Thankiyo sankaloledwa kuikhudza ngakhale ndi kansalu. Nditanena kuti nsomba zafa, achimwene anatembenukira kwa iye n'kunena kuti ndi iyeyo wathiramo mankhwala ochapira. Anaitana askari, mlonda wa pageti, kuti amutulutse. Mayiyo sanalire. Anavula epuloni, anaipinda bwinobwino, n'kundiyang'ana ine. Anangoti wewe unajua, kutanthauza kuti iwe ukudziwa. Ine ndinayang'ana matailosi.

Mama Nekesa amakhala kuno ku Kawangware, mizere itatu ya nyumba kuchokera pamene ndimakhala ine, ndiye sindikanamuzemba mpaka kalekale. Tinakumana pa siteji ya matatu, maminibasi a kuno. Anandiuza kuti mzee, momwe amawatchulira achimwene, wakhala akusiya gasi wosatseka, kuti kawiri konse anamuitana kuti Lorna, ndiponso kuti nsombazo zinakhala zakufa masiku atatu iwo akunena kuti zikupuma. Anati iye sananene chifukwa ankadikira ine, popeza m'bale wake ndine. Kenako anandifunsa ngati kwathu ku Malawi tonse tili ndi ulemu wotere, wakuti munthu azimira ife tikumuombera m'manja. Matatu itabwera ndinamusiya akwere yekha.

Thanki ndinaitsuka. Yaima yopanda kanthu, koma Lachisanu achimwene amandiimbirabe kuti usaiwale zigubu, ndipo ine ndimabweretsa.

Chimene chandilembetsa kalatayi chachitika Lamulungu lapitali. Achimwene anatuluka ndi galimoto yawo kupita ku Misa, ulendo wa mphindi khumi. Cha m'ma 2 koloko masana ndinalandira foni kuchokera kwa mayi wina wogulitsa petulo ku Embakasi, kufupi ndi bwalo la ndege. Anati pali bambo wa ku Malawi amene waima pa pampu ola lathunthu, sakugula, sakuchoka, ndipo nambala yanga ndiyo yomaliza m'foni mwake. Ndinakwera boda, njinga yamoto ya kabaza. Nditafika ndinapeza galasi la kumbali litathyoka, ndipo chitseko chili ndi utoto wa galimoto ina. Achimwene anandilandira mosangalala. Anati wachita bwino kubwera, alamu ako a Lorna ndege yawo yachedwa, tidikire limodzi.

Sindikudziwa chimene anagunda. Ndafunsa, sakukumbukira. Ndinayang'ana pansi pa galimoto ndi pa matayala, magazi sindinaone.

Achemwali, vuto mukulidziwa. Amalume onse anatisiya, ndipo mwini mbumba ndi achimwene omwewa. Woitanitsa msonkhano wa banja ndi iwo, wogamula ndi iwo. Ndayesa kutchula za dokotala, anandifunsa ngati ndikudwala. Inu ndinu woyamba kubadwa. Munawabereka kumbuyo ali khanda, ndipo ndinu nokha amene mumawaitana kuti iwe Dunstan iwo n'kuyankha. Bwerani mudzawatengere kuchipatala, ndipo ngati n'kofunika, mudzawatengere kumudzi. Za ntchito yanga musaganize. Mukabwera tidzapitenso limodzi kwa Mama Nekesa, chifukwa ndekha ndalephera kawiri kugogoda pakhomo pake.

Lamulungu lomwelo, nditawafikitsa kunyumba, ndinaika makiyi a galimoto m'thumba mwanga. Chibadwireni sindinatengepo kanthu kawo osapempha. Dzulo anasakasaka nyumba yonse, ndipo tsopano akuti waba ndi askari. Ine sanandifunse. Koma ndimadzidziwa, achemwali. Tsiku limene adzandiyang'ane n'kunena kuti Tumbikani, bweretsa makiyi anga, ndidzagwada n'kuwapatsa ndi manja awiri. Mufike tsiku limenelo lisanakwane.

Mundiperekere moni kwa alamu a Gregory, kwa Thandiwe ndi ana onse. Azakhali a ku Chinamwali musawauze kaye, mukudziwa kuti iwo akamva m'mawa, masana Zomba yonse yamva. Mulungu akusungeni, ndipo akupatseni mwendo wokwerera masitepe a kuno.

Ndine mlongo wanu,
Tumbikani